Mpingo wandisankha kukhala mkulu wa mpingo, koma alamu anga akuti ndikulimbana ndi Baibulo

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Mwachidule akuti: "Kumpingo kwathu andisankha kukhala mkulu wa mpingo. Bambo a kunyumba avomera, koma alamu anga anabwera ndi Baibulo n'kundiwerengera 1 Timoteo 2:12, pomwe Paulo akuti salola mkazi kuphunzitsa kapena kulamulira mwamuna. Akuti ndatengeka ndi za jenda za azungu. Kodi ndikavomera, ndichimwira Mulungu?"

Mayi, vomerani udindowo. Koma alamu anuwo musawanyoze, chifukwa vesi anakuwerengeranilo lilimodi m'Baibulo. Lilinso ndi linzake pa 1 Akorinto 14:34, lonena kuti akazi akhale chete mumpingo. Sitingawafufute, ndiye tiyeni tiwawerenge pamodzi ndi zina zimene Paulo yemweyo analemba.

M'kalata ya Akorinto yomweyo, pa chaputala 11 vesi 5, Paulo akulangiza mkazi za kuvala kumutu pamene akupemphera kapena kunenera. Munthu sanenera atatseka pakamwa. Pa Aroma 16 munthu woyamba kutchulidwa ndi Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo Paulo akuuza Aroma kuti amuthandize pa chilichonse chimene angafune. Kenaka akutchula Priska ndi mwamuna wake Akula ngati antchito anzake. Awiriwa ndi amene anatengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, n'kumufotokozera bwino njira ya Mulungu, monga tiwerenga pa Machitidwe 18:26. Filipo anali ndi ana aakazi anayi onenera. Kalekale, buku la chilamulo litapezeka m'kachisi, mfumu Yosiya inatuma mkulu wa ansembe Hilikiya kukafunsa kwa mneneri wamkazi Hulida. Ndipo Yesu atauka, woyamba kumutuma kukauza ophunzira anali Mariya wa ku Magadala.

Nanga vesi la Timoteo lija? Paulo anasiya Timoteo ku Efeso kuti akaletse anthu ophunzitsa zabodza. Zalembedwa koyambirira kwa kalatayo. Ine ndimamva kuti ankakonza vuto la mpingo umenewo pa nthawi imeneyo. Bwererani m'mbuyo pang'ono, pa vesi 9, muona akuletsanso kuluka tsitsi, golide ndi zovala zodula. Lamulungu likubwerali yang'anani mitu ya amayi a kwaya. Palibe amene anawaitanitsa ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, chifukwa cha tsitsi loluka. Tonse tinavomera kale kuti vesi 9 linkakamba za nthawi yake. Nanga bwanji vesi 12 lokha ndilo tikuligwira ndi manja awiri?

Alipo Akhristu oona mtima amene amawerenga mosiyana ndi ine. Mpingo wa Katolika sudzoza akazi unsembe, ndipo Papa John Paul II anatsimikiza zimenezi mu 1994. A Seventh-day Adventist pamsonkhano wawo waukulu wa 2015 ku San Antonio anakana kulola zigawo zawo kudzoza abusa aakazi. Amenewa ndi abale athu. Koma inu mpingo wanu unakhala pansi, unapemphera, n'kukusankhani motsata malamulo ake.

Mawu akuti "za azungu" ndiwo amandiwawa. Amishonale asanafike ku Mvera mu 1889, Achewa anali ndi kachisi wa mvula ku Msinja, ndipo womuyang'anira anali mkazi, Makewana. Dongosolo loti abusa ndi akulu a mpingo akhale amuna okhaokha ndilo linabwera ndi amishonalewo, popeza ndi mmene zinaliri kwawo. Sindikunena kuti chikhalidwe chathu chinali chabwino m'zonse. Kulowa kufa ndi fisi ndi zathu zomwe, ndipo zapweteka akazi ambiri. Koma mkazi wotsogolera pa za Mulungu si mlendo kuno.

Ngakhale amene analimbikitsa nkhaniyi m'mipingo yathu ya masiku ano ndi amayi a mu Africa muno. Mu 1989 ku Accra, Mercy Amba Oduyoye wa ku Ghana anasonkhanitsa amayi ophunzira zaumulungu n'kukhazikitsa bungwe la Circle of Concerned African Women Theologians. Mmodzi wa amene anadzalitsogolera ndi Mmalawi, Isabel Apawo Phiri, amene anafufuza za moyo wa amayi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP. Mu 1995 amayi ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre anaguba kukapereka chikalata cha madandaulo awo kwa akuluakulu a sinodi, ndipo ena anawaimitsa ntchito. Patangopita zaka zochepa, Blantyre ndi Livingstonia anayamba kudzoza abusa aakazi. Mpando akukupatsaniwo, alipo amayi anauvutikira.

Tsono chifukwa chenicheni chimene ndikukuumirizirani ndi ichi. Loweruka amene amasesa ndi kukolopa m'tchalitchi ndi amayi. Pomanga, amatunga madzi ndi kusenza njerwa ndi amayi. Pamaliro, a Mvano amachezera kuimba usiku wonse, m'mawa n'kukhalanso pamoto kuphikira khamu lonse. Koma mmodzi wa iwo akabwera ndi diso lotupa, atakulunga nkhope ndi mpango kuti anthu asaone, nkhani yake amaiweruza ndani? Akakhala pakati pa abambo okhaokha sanganene zonse zimene zimachitika kuchipinda. Amangoweramitsa mutu, iwo n'kumuuza kuti "banja ndi kupirira, kagonjereni amuna anu." Amamuwerengera Aefeso 5:22, kulumpha vesi 21 lonena kuti tizigonjerana, ndi vesi 25 louza mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo mpaka kuufera. Mwamuna womenya sanafike n'komwe pa vesi limeneli.

Malamulo a dziko alipo. Loletsa nkhanza za m'banja linabwera mu 2006, loteteza chuma cha masiye mu 2011, loona kuti amuna ndi akazi asasiyanitsidwe mu 2013, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Komabe mayi wamasiye amene achibale a malemu akumuchotsera malata padenga sathamangira kukhoti. Amayamba wapita kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lake. Akapeza inu pakhomopo, adzanena zimene sakananena kwa bambo.

Mukalowa mu seshoni, pemphani kuti nkhani ya mkazi isamakambidwe popanda mkazi mnzake pambali pake, ndipo pamene pali kumenya kapena kugwirira mwana, nkhaniyo ipite kupolisi, ku Victim Support Unit, osathera pa mapemphero okha. Za alamu anuwo, musakangane nawo pagulu. Aitaneni kunyumba bambo a kunyumba ali pomwepo, muwaphikire tiyi, muwapemphe kuti awerenge Aroma 16 mokweza, kenaka muwafunse kuti Febe ankagwira ntchito yanji ku Kenkreya. Mundilemberenso mmene ayankhire.