Mwana wanga sakukhala pansi, kuchimuna akuti ndinamukhwimira

FUNSO: Mwana wanga ali ndi miyezi 20, koma khosi silinalimbe, sakhala pansi, ndipo manja amakhala ofumbata. Ndinavutika masiku awiri pochira, ndipo atabadwa sanalire mpaka anamuika pa mpweya. Kuchipatala akuti ndi cerebral palsy, koma kuchimuna akuti ndinamukhwimira kuti geni yanga iziyenda. Kodi adzachira?
Mayi wosweka mtima, Dedza

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, chifukwa mtolo wolera mwanayu ndi wolemera kale popanda kukusenzetsaninso mlandu umene simunapalamule. Cerebral palsy imabwera pamene mbali ya ubongo yoyendetsa minofu yavulala mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena akadali wakhanda. Kubanika pobadwa, monga mwafotokozera, ndi chimodzi mwa zifukwa zodziwika bwino. Zina ndi kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu, matenda oumitsa khosi ndiponso malungo ofika ku ubongo. Padziko lonse vutoli limapezeka mwa ana awiri kapena atatu pa ana 1,000 alionse obadwa, ndipo silipatsirana.

Sindikunamizani: mankhwala ochiritsiratu palibe, kuchipatala ngakhale kwa sing'anga, choncho musagulitse mbuzi kapena mpamba wanu pofuna zitsamba. Chotonthoza n'chakuti bala la mu ubongolo silikula. Chimene chimaipiraipira ndi minofu ya mwana amene amangogonekedwa pamphasa tsiku lonse, chifukwa imakungika mpaka mawondo ndi zigongono kuleka kutambasuka. Apa ndi pamene mafizo, masewera otambasula ndi kulimbitsa minofu, amagwira ntchito, ndipo amathandiza kwambiri akayambika msanga, ubongo ukadali wanthete. Pemphani a kusikelo akutumizeni kwa a mafizo pa chipatala cha boma lanu, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akuphunzitseni zochita kunyumba tsiku lililonse. Afunseninso za mpando wapakona womuchirikiza msana ndi mutu. Ngati m'tsogolo mafupa atafuna opaleshoni, chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana otere.

Kadyetsedwe ndi komwe ndimadera nkhawa kwambiri. Musamudyetse chogona chagada, pakuti phala likalowera kum'mero wa mpweya limayambitsa chibayo. Mukhazikeni pamiyendo panu, mutu uli woongoka, chibwano chitatsika pang'ono, ndipo mumupatse phala lolimbirako lothira nsinjiro, pang'onopang'ono, mukudikira kuti ameze. Akamakomoka kapena kuphiriphitha, nenani msanga kuchipatala, chifukwa ana ambiri otere amakhalanso ndi khunyu, lomwe mankhwala ake alipo. Muzimuyankhula ndi kumuimbira. Ambiri amamva ngakhale pakamwa pakukanika.

Za kuchimunazo, musalimbane nazo nokha. Bungwe la PODCAM limasonkhanitsa makolo a ana olumala, ndipo kumeneko mukapeza amayi amene ananenedwapo mawu omwewa. Tsiku lopita ku mafizo, pemphani bambo a mwanayu ndi apongozi anu akuperekezeni, akamve okha kuchokera kwa achipatala chimene chinachitika tsiku limene mwanayu anabadwa.