Kachomera kamera pa bedi ya repu, nkuti chiyani pa Chichewa?

Mayi wina wa ku Santhe, Kasungu, wandilembera kuti pa bedi yake ya repu pamera kachomera komwe sanadzale, masamba ake awiriawiri moyang'anizana, timaluwa ting'onoting'ono tachikasu pakati, m'mbali toyera. Mwana wake wajambula pa foni ndiye foni yati ndi Galinsoga parviflora. Akufunsa kuti pa Chichewa "wiidi" ameneyu nkuti chiyani.

Mayi, poyamba tichotse kaye wiidiyo, amandiwawa m'makutu. Ena angati udzu, komanso ayi, udzu ndi wofolera nyumba, ndi tsekera uja. Chomwe chamera kwanuko ndi ndiwo, dzina lake mamunaaligone. Foniyo sinaname, chomerachi kwawo ndi ku South America, koma chinafika kuno kalekale mpaka tinachipatsa dzina lathulathu. Mukachione bwino kuti musasokoneze ndi chisoso, pakuti zikakhala zanthete zimafananako. Chisoso tsamba lake limagawikana patatu kapena pasanu ndipo njere zake zakuda zija zimakakamira pa chitenje, pomwe mamunaaligone tsamba ndi limodzi losagawika.

Tsopano dzinalo, apa ndiye pokoma. Ndi mawu atatu ophatikizana, mamuna ali gone. Kanenedwe ka "ali gone" achinyamata akukataya, onse angoti akugona, chonsecho sizofanana, wogona akhoza kukhala mtulo koma amene ali gone wangodzitaya pa mphasa maso ali tuzu. Agogo anga ku Mkanda ku Mchinji ankati ndiwozi zimamera kuseri kwa khola penipeni moti mkazi amathyola, kuphika, kutendera nsinjiro, bambo asanadzuke nkomwe. Ena anandiuzapo kuti ayi, bambo akazidya amakhuta nkungoti gone. Ine ndili kwa agogo, ndipo sindisuntha.

Makolo sankatcha chomera mwachisawawa. Taonani kaufiti ka maluwa ofiira kaja, mizu yake imayamwa ya chimanga mobisa pansi, ka ufiti basi, dzina lafotokoza kale zonse. Nanga ife lero tikungoti mawiidi, luni ndi bonongwe ndi denje zonse mtolo umodzi, nkumazula ndiwo kukataya kudzala kenako nkukagula kabichi pa msika!

Kalembedwe kake, mwamunaaligone kapena mamunaaligone zonse ndimalola, kuno pakati timati mamuna. Ndipo mukadabwa kuti wabwera bwanji, ndikuganiza kuti njere zabwera ndi manyowa omwe munathira.

Mawu oti bedi okhawo sindikangana nanu. Anabwera ndi azungu inde, koma alimi a fodya a kwanuko akhala akuthirira mabedi ku nazale kuyambira ine ndisanabadwe, sindingawalande. Komanso akukwanira bwino pa nkhani yanuyi, mamuna ali gone pa bedi, mumafuna agone pati? Thyolani nsonga zanthete asanachite maluwa ambiri, otsalawo zulani, akangobereka njere adzadza bedi yonse repu nkusowa pokhala.