Masiku anayi ku Flagstaff mu Julaye: phiri likhale la tsiku lomaliza

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Houston, m'chigawo cha Texas, watilembera imelo. Akufuna kupita ku Flagstaff ku Arizona mu Julaye kwa masiku anayi, ndi amuna awo, ana awiri a zaka 9 ndi 13, komanso apongozi awo amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza ndipo amamwa mankhwala a BP. Bambo akuti tsiku lotsatira atangofika akakwere phiri la Humphreys, poti Mulanje anakwerapo. Funso la mayiwa ndi lakuti: kodi zimenezi n'zotheka, ndipo atenge chiyani?

Mayi, n'zotheka, koma osati pa tsiku limene bambo asankhalo. Tiyambe ndi chifukwa chake.

Houston ali pafupifupi mofanana ndi nyanja yamchere. Flagstaff ali pa mamita 2,100. Pamenepo mpweya ndi wopepuka, moti mukapuma kamodzi mumalandira okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kwanuko. Nsonga ya Humphreys, yomwe ndi yayitali kuposa malo ena onse ku Arizona, ili pa mamita pafupifupi 3,850, ndipo kumeneko okosijeni amachepa ndi gawo limodzi mwa atatu n'kupitirira. Sapitwa ali pa mamita 3,002. Komanso wokwera Sapitwa amayambira pansi wapansi, n'kugona m'kanyumba ka m'phiri usiku umodzi kapena uwiri, thupi likuzolowera pang'onopang'ono. Ku Humphreys galimoto imakutulani pa mamita oposa 2,800, pafupi ndi msinkhu wa Sapitwa yemweyo, musanaponye phazi n'limodzi lomwe. Apongozi nawo asadalire zoti Dedza ndi wokwera, mamita pafupifupi 1,600. Akakhala ku Houston milungu ingapo, thupi limaiwala.

Matenda a pamalo okwera sasankha wamphamvu kapena wofooka. Amayamba pakapita maola 6 mpaka 12 munthu atafika: mutu kuwawa, nseru, kusafuna kudya, tulo tosagwira. Mumzinda weniweniwo anthu ambiri amangomva kutopa ndi wefuwefu pokwera masitepe, ndipo pakatha masiku awiri zimachepa. Vuto limakula munthu akapitirira mamita 2,500 asanazolowere. Mutu ukakana kuleka ngakhale mwamwa madzi ndi panado, musakwerenso. Munthu akayamba kudzandira ngati woledzera, kusokonezeka polankhula, kapena kubanika atangokhala, mutsike naye nthawi yomweyo ndipo muyimbe 911, nambala ya zadzidzidzi. Apongozi akaonane ndi dokotala musananyamuke, ndipo mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja. Chinthu china chimene mabuku a alendo satchula kawirikawiri koma chimatikhudza ife: ngati wina m'banjamo ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, ngakhale amene anangotengera magazi ake koma sadwala, mumuuze dokotalayo za ulendowu. Pamalo okwera chonchi kapamba amatha kuvulala mwadzidzidzi, ndipo chizindikiro chake ndi ululu waukulu kumanzere, pansi pa nthiti.

Ulendo wochokera ku bwalo la ndege la Phoenix ndi wa makilomita pafupifupi 230 pa msewu wa I-17, maola awiri ndi theka. Phoenix ali pa mamita 330 okha ndipo mu Julaye kumatentha kupitirira madigiri 40, choncho galimoto imakwera zitunda zazitali ili kale yotentha. Muziyang'ana singano ya kutentha kwa injini, ndipo muike madzi akumwa malita anayi kapena asanu m'galimoto musanatuluke mumzinda. Mukafika pamwamba mupeza nkhalango ya paini, masana madigiri 27 kapena 28, usiku 10 kapena 11. Kukamada muchepetse liwiro, chifukwa nyama zikuluzikulu zotchedwa elk, zolemera kuposa ng'ombe yaing'ono, zimadumpha msewu. Kuli basi, koma kwa banja la anthu asanu galimoto yobwereka ndiyo yothandiza, poti malo ambiri amene titchule ali kunja kwa mzinda. Posankha kogona, muone kuti njanji ili patali bwanji. Sitima zakatundu zimadutsa pakati pa tauni usana ndi usiku, ndipo mahotela ambiri otsika mtengo ali m'mbali mwa msewu wakale wa Route 66, moyang'anizana ndi njanjiyo.

Tsopano nkhani ya mvula, imene iyenera kulamulira wotchi yanu. Kuyambira kumayambiriro kwa Julaye mpaka Seputembala kumagwa mvula yamabingu masana. M'mawa kumacha kuli mbee, cha m'ma 10 timitambo toyera tayamba kuunjikana pamwamba pa phiri, pofika 12 kapena 1 koloko tada bii, kenako mphenzi, mvula, nthawi zina matalala. Si tsiku lililonse, koma mukonzekere ngati ndi tsiku lililonse. Mwayi wanu ndi wakuti Arizona sasintha nthawi m'chilimwe, ndiye mu Julaye amatsalira maola awiri kumbuyo kwa Houston. Thupi likadzuka 7 koloko ya kwanu, kumeneko ndi 5 koloko, dzuwa lili pafupi kutuluka. Musalimbane nalo. Zoyendayenda zonse zithe pofika masana, ndipo madzulo akhale a zam'nyumba.

Tsiku lofika musachite chilichonse cholemetsa. Ngati miyendo ikufuna kuwongoka, ku Buffalo Park kuli njira yozungulira ya makilomita atatu, yosalala, phiri likuonekera patsogolo panu. Bambo mowa ausiye kaye usiku umenewo. Kukakhala kopanda mitambo, mupite ku Lowell Observatory, malo oonera nyenyezi, pa kaphiri ka Mars Hill pamwamba pa tauni. Malowa anawakhazikitsa Percival Lowell mu 1894, ndipo m'pamene Clyde Tombaugh anatulukira Pluto mu 1930. Mzindawu uli ndi malamulo oletsa magetsi owalira kumwamba, ndipo mu 2001 unakhala woyamba padziko lonse kuzindikiridwa ngati mzinda wosunga mdima wa usiku. Ana amene anakulira m'magetsi a Houston mlalang'amba akauonera kuno; agogo awo mwina angoseka, poti kumudzi ndi za usiku uliwonse.

Tsiku lachiwiri ndi la malo otsika. Mutenge msewu wa US-89 wolowera kumpoto, n'kukhotera mu msewu wozungulira wa makilomita 56 umene umalumikiza Sunset Crater ndi Wupatki. Ife tinganene kuti muyambire ku Wupatki, chifukwa ndi kotsika, kopanda mthunzi, ndipo kumatentha msanga. Kumeneko kuli nyumba za miyala yofiira zimene makolo a Ahopi, mtundu wa eni nthaka a kumeneko, anamanga zaka zoposa 800 zapitazo. Kenako mukwere kubwerera ku Sunset Crater, phiri limene linaphulika cha m'ma 1085. Kukwera phirilo n'koletsedwa kuyambira 1973, koma pansi pake pali kanjira ka kilomita imodzi ndi theka kodutsa m'chiphalaphala chouma, chakuda ngati makala. Miyala yake imacheka, ndiye ana asavale masilipasi. Walnut Canyon, makilomita 16 kum'mawa kwa mzinda, ndi ya tsiku lachitatu m'mawa: njira yake imatsikira m'chigwa pa masitepe mazanamazana n'kudutsa pa tizipinda tomangidwa m'mapanga a thanthwe. Msampha wake ndi wakuti kutsika kumayambirira, ndiye munthu amaona ngati n'zophweka, kukwera kuli kumudikira. Apongozi ayende njira ya pamwamba, yomwe ndi yosalala, ndipo tizipindato timaonekera tsidya lina. Malo atatuwa komanso chigwa chachikulu cha Grand Canyon onse amalandira chiphaso chimodzi cha pachaka cha malo otetezedwa a boma, ndiye muwerengetse ngati sichikutsikirani mtengo.

Ana akamva za Lava River Cave sadzakupatsani mtendere. Ndi phanga la kilomita imodzi n'kanthu limene chiphalaphala chinasiya pansi pa nthaka, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda. Mulibe magetsi, mulibe wolondolera, pansi ndi pa miyala yoterera, ndipo mumazizira ngati m'firiji ngakhale mu Julaye. Aliyense akhale ndi tochi ziwiri, ya foni osaiwerengera, ndi juzi. Koma msewu wake ndi wafumbi, mvula ikagwa umasanduka matope, ndipo makampani ambiri obwereketsa galimoto salola kuyenda m'misewu yotere. Muwerenge pepala limene munasaina.

Phiri likhale la tsiku lachinayi, ndipo likhale la bambo ndi munthu wina wamkulu, kapena ndi mwana wa zaka 13 ngati anazolowera kuyenda maola ambiri. Wa zaka 9 ayi. Bambo asapitenso okha. Njira imayambira pa malo oimika galimoto a Arizona Snowbowl (malo a masewera a pa chipale chofewa), ulendo wa theka la ola kuchokera m'tauni kudzera pa US-180. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 16, kukwera mamita 1,000, ndipo anthu ambiri amatenga maola 6 mpaka 8. Ayambe kuyenda pasanakwane 5:30 m'mawa. Poyamba amadutsa dambo, kenako njira yokhotakhota m'nkhalango yodzaza mizu ndi miyala. Cha pa mamita 3,500 mitengo imatha, ndipo posakhalitsa amafika pampata wa pakati pa nsonga za Agassiz ndi Humphreys. Apa m'pamene ayenera kuima n'kuyang'ana kumwamba, chifukwa kuchokera apa mpaka pansonga ndi kilomita imodzi ndi theka ya miyala yokhayokha, mphepo yamphamvu, popanda pobisala, ndipo munthu ndiye chinthu chachitali kuposa zonse. Pali nsonga zonamiza zitatu, zoti ukafika umapeza ina ili kutsogolo, ndipo n'zimene zimachititsa anthu kuumirira nthawi itatha. Lamulo likhale ili: 11 koloko ikakwana abwerere, kaya afika kaya sanafike, ndipo akamva bingu ngakhale lakutali abwerere pomwepo. Mu Julaye 2016 mphenzi inapha mnyamata wa zaka 17 pafupi ndi nsonga imeneyi.

M'njira yonseyi mulibe madzi. Aliyense anyamule malita atatu, chakudya chamchere ngati mtedza ndi tchizi, zotsekemera pang'ono, chovala cha mvula, juzi yotentha, chipewa, ndi nsapato zogwira pansi zomwe anazivalapo kale. Zovala za thonje zikanyowa zimaziziritsa thupi, ndipo pansonga kumatha kuzizira ndi madigiri 10 kuposa m'tauni mphepo isanawerengedwe. Pamwamba pa mitengo n'koletsedwa kuchoka m'njira, pofuna kuteteza kaduwa kachikasu kamene kamamera m'mapiri amenewa okha padziko lonse. Mapiriwa ndi opatulikanso kwa Ahopi, Anavajo ndi mitundu ina yoposa khumi, ndipo mkangano wa pakati pa iwo ndi malo a masewera a pa chipale chofewa a Snowbowl, amene amapanga chipalecho ndi madzi a m'zimbudzi oyeretsedwa, sunathe. Wokwera asatole miyala kapena kusuntha chilichonse chimene wapeza chitaikidwa.

Otsala pansi angakopeke ndi gondola ya Snowbowl, timabokosi toyenda pa chingwe timene timafika pa mamita 3,500. Kwa inu ndi ana zili bwino pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, m'mawa, poti mphenzi ikayamba amaimitsa. Kwa apongozi, dokotala ndiye anene. Kusayenda wapansi sikuchotsa vuto. Mtima umafikitsidwa pamalo okwera kuposa pena paliponse m'Malawi m'mphindi zochepa chabe.

Kuuma kwa mpweya kumapusitsa anthu ochokera kwachinyezi ngati Houston. Thukuta limauma lisanaoneke, ndiye munthu sadziwa kuti akutaya madzi. Poyenda muzimwa theka la lita pa ola, ndipo muziona mkodzo wa ana: ukada, madzi achepa. Milomo imang'ambika, mphuno zimatha kutuluka magazi usiku. Kabotolo ka Vaseline kamathandiza pa milomo ndi mphunozo. Dzuwa la pamwamba limawotcha ngakhale khungu lathu lakudali, makamaka pamphuno, m'makutu ndi pakhosi, choncho mafuta oteteza ku dzuwa musawaone ngati a azungu okha. Ngati mwabwereka nyumba yokhala ndi khitchini, dziwani kuti madzi kumeneko amawira pa madigiri 93. Phala la nsima mulisiye libwate nthawi yotalikirapo musanathire ufa wina, ndipo nyemba zouma musayese n'komwe, mugule zam'chitini.

Za moto ndi madzi osefukira, mwachidule. Meyi ndi Juni ndi miyezi youma, ndipo akuluakulu a nkhalango ya Coconino, yomwe yazungulira mzindawu, amaletsa kusonkha moto, nthawi zina n'kutseka nkhalango yonse. Chiletsocho chimatha kufika mu Julaye mvula ikachedwa, ndiye muone pa tsamba lawo la pa intaneti musanagule makala ootchera nyama. Mapiri amene anapsa mu 2010, 2019 ndi 2022 sasunga madzi, moti mvula ya theka la ola imatsitsa matope mpaka m'misewu. Mukapeza madzi akudutsa pamsewu, dikirani. Ku Arizona woyendetsa amene walambalala chotchinga n'kukatitimira akhoza kulipiritsidwa ndalama zomupulumutsira.

Grand Canyon ili makilomita 130 kuchokera ku Flagstaff, ola limodzi ndi theka. Ngati apongozi sangabwerere ku Dedza osaiona, muipatse tsiku lachitatu lonse m'malo mwa Walnut Canyon, munyamuke 6 koloko isanakwane kuti mupeze poimika galimoto, ndipo muyende m'mphepete mwa pamwamba mokha. Bambo asatsikiremo tsiku limenelo, miyendo akuifuna mawa lake.