Zoti boma litumiza ndalama za sabuside kwa amayi anu ku Thekerani

Achimwene, mwafunsa ngati boma liwapatsa ndalama pamanja amayi anu poti dzina lawo latuluka pa fetereza wotsika mtengo, komanso ngati alole mnyamata amene akufuna kuwagula chitupa cha unzika chimene amaombolera feterezayo. Ndalama yapamanja palibe. Boma limalipira amene wabweretsa feterezayo, mlimi amangoonjezera kachigawo kake pokaombola. Matumba amakhala awiri a makilogalamu 50, la NPK lokulitsa ndi la Urea lobereketsa.

Kachigawo ka mlimiko ndi kamene kamagwetsa anthu. Pomwe a Bingu wa Mutharika, mwana wa konkuno ku Thyolo, ankayambitsa makuponi mu 2005, thumba linali K950, kenako linatsika kufika pa K500. Pulogalamu ina ya fetereza wotsika mtengo yotchedwa AIP itabwera mu 2020 linayambira pa K4,495, chaka chotsatira K7,500, kenako K15,000 mu 2022. Kwa inu amene muli ku Johannesburg ndi ndalama yochepa. Kwa gogo amene chimanga chinatha m'nkhokwe mwezi wa Ogasiti, ndipo akudalira ganyu, ndi phiri. Mavenda amadziwa zimenezi. Amafika pakhomo nthawi imene njala yaluma, kupereka kandalama kogulira ndowa ya chimanga, kutenga chitupa, iwo n'kukaombola matumba onse awiri ndi kukagulitsa pa mtengo wa m'sitolo ku Luchenza kapena ku Limbuli. Gogo amadya masabata angapo, munda n'kukhala wachikasu chaka chonse.

Ndiye auzeni asapereke chitupa cha unzika kwa wina aliyense, ngakhale mdzukulu wa pakhomo pomwepo atanena kuti akawaimira pamzere. Kugulitsa chitupa ndi mlandu, ndiponso chitupa chomwecho n'chimene adzafunire pa zinthu zina zambiri. Ngati miyendo ikuvuta, alipirireni kabaza apite okha ndi munthu wowathandiza kunyamula.

Ndalama yoombolera tumizani msanga, mwezi wa Okutobala usanathe. Kuno kummwera mvula imayamba mu Novembala, patsogolo pa anzathu a ku Kasungu ndi Mzimba, ndipo wokulitsa amafunika chimanga chikangomera. Pa depoti pamakhala mizere yogonera pomwepo, netiweki ikagwa makina osanthula zitupa amaima, tsiku lina mupeza Urea yekha NPK kulibe. Wopita mochedwa amathira wokulitsa chimanga chili m'mawondo, apo phindu lachepa kale. Aonanenso ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo kuti atsimikize dzinalo ndi malo amene akaombolere, asangodalira zomva kwa anyakwawa.

Koma ndinene zimene ambiri safuna kumva. Matumba awiriwo sangachotse njala pakhomo paokha. Malo abwino ambiri ku Thyolo ndi Mulanje ali pansi pa tiyi wa maesiteti, anthu anatsala ndi timinda tating'ono ta m'mapiri tomwe talimidwa chaka ndi chaka osapuma. Dothi lake lofiira lija ndi la asidi, ndipo mvula yathu yambiri imatsuka fetereza asanagwire ntchito. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokololanso nthaka yapamwamba m'minda yambiri. Fetereza pa nthaka yotere amafuna manyowa. Ngati amayi ali ndi mbuzi kapena nkhumba, apange manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa, kafetereza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba masabata atatu. Thumba limodzi loombola limatambasuka motero. Nandolo asamusiye pakati pa chimanga, amabwezera chonde komanso ndiwo ndi ndalama zimachokera pomwepo, ndipo chinangwa cha m'malire chimapulumutsa mabanja ambiri mu Febuluwale.

Za mnyamata wofuna chitupayo, muimbireni nokha foni mumuuze kuti ndalama yoombolera ilipo kale. Akamva kuti gogo ali ndi mwana amene akutsatira nkhaniyi, sabweranso.