Funsani Dokotala: Mnzanga amalandira ma ARV a miyezi 6, ine a mwezi umodzi

Funso: Adokotala, ine ndi mnzanga tinayamba kumwa ma ARV chaka chimodzi. Iye amapatsidwa a miyezi 6, koma ine andibweza ku mwezi umodzi. Kodi si tsankho limeneli? Mayi wa ku Santhe, Kasungu

Yankho: Mayi, si tsankho ayi. Mankhwala timapereka potsata zolembedwa pa khadi lanu ndi m'buku lanu la kuchipatala: masiku amene munabwera kapena kujomba, mapilitsi otsala m'botolo, sikelo yanu, koma makamaka viral load, kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi.

Magazi amenewa amayezedwa pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Tizilombo tikafika 1,000 kapena kuposa mu mililita imodzi ya magazi, timafuna tizionana pafupipafupi kuti tipeze chalakwika, ndipo timayezanso pakatha miyezi 3. Kukhala ndi pakati kapena kudwala TB nazonso zimafupikitsa nthawi.

Ambiri amene tizilombo tachuluka m'magazi mwawo sikuti anasiya kumwa. Mankhwala amene anthu ambiri akumwa kuyambira 2019 ali ndi dolutegravir, yemwe salowa bwino m'magazi mukamumwera limodzi ndi mankhwala a chilungulira, kapena mapilitsi a ayironi ndi kashiamu pamimba popanda kanthu. Imwani ma ARV choyamba, papite maola 2, kenako enawo. Ngati mwayamba ndi enawo, dikirani maola 6. Amene akumwa rifampicin wa TB amafunika dolutegravir wowonjezera pakatha maola 12. Ndiye musabise chilichonse chimene mukumwa, ngakhale cha pagolosale kapena cha azitsamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi kusamuka kwa anthu a m'maesiteti a fodya. Munthu amachoka wopanda kalata ya transifa, n'kukalembetsa kwina ngati watsopano. Kumene anachoka amamulemba kuti anasiya mankhwala, kumene wafika sadziwa kuti magazi ake anaonetsa chiyani, ndipo zonse zimayambiranso. Mankhwala otumizidwa ku chipatala chilichonse amawerengedwanso kuchokera m'mabuku omwewa, choncho kulembetsa kawiri kumasokoneza ndi anzanu omwe.

Ulendo ukubwerawu tengani buku ndi botolo lanu, mapilitsi otsala ali momwemo. Funsani nambala ya viral load yanu yomaliza ndi tsiku loyezanso, akulembereni m'bukumo. Zotsatira zikachedwa kubwera, kumbutsani. Tizilombo tikatsika, funsani kuti akuoneninso ngati mwayenera kulandira a miyezi yambiri.