Galu wofiira m'milomo: musamupake oyilo

Achimwene, mwati galu wanu wa mtundu wa Boerboel wafiira m'mbali mwa milomo, pakamwa pakununkha, ndipo akumakhuza mlomo pansi. Mwafunsa ngati mumupake oyilo wakuda wa galimoto monga ena akulangizirani. Ayi ndithu, musayerekeze. Galu amanyambita chilichonse chili pafupi ndi pakamwa, ndiye poizoni wa mu oyiloyo akathera m'mimba, khungunso lipsa.

Musanamugwire pakamwa, kumbukirani za chiwewe. Ngati sanabayidwe katemera, wayamba kuchucha dovu mwadzidzidzi, akulephera kumeza kapena wasintha khalidwe, manja anu asafike pamenepo. Mutsekereni, muitane alangizi a ziweto.

Ngati ali bwinobwino, kwezani mlomo wakumwamba muone wam'munsi, chakumbuyo kwa dzino lalitali lija. Agalu a milomo yolendewera monga Boerboel, Cocker Spaniel ndi St Bernard amakhala ndi kakhwinya pamenepo. Dovu ndi nyenyeswa za nsima zimadikha m'menemo, malowo sauma, tizilombo n'kumaswana. Mukatambasula khwinyalo mupeza ubweya wamatana, wasanduka wofiirira, khungu lili lonyowa. Ambiri amati fungolo ndi la mano, koma kawirikawiri limachokera m'khwinyamo. Ine ndikuganiza kuti vuto la galu wanu lili m'khwinya limeneli.

Metani ubweya wa pamalopo ndi sizasi mosamala. Wiritsani madzi theka la lita, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, azizire. Muzitsuka ndi thonje m'mawa ndi madzulo. Mankhwala otsukira opha tizilombo otchedwa chlorhexidine ndi abwino koposa, koma dokotala wa ziweto akuuzeni kasungunulidwe kake, ndipo asalowe m'maso. Mukatsuka, pukutani ndi kansalu koyera mpaka paume. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa: amatsuka bwino, n'kusiya chinyezi chomwe chinayambitsa vutolo. Akangomaliza kudya kapena kumwa, mupukuteninso. Ngati akudyera mbale yapulasitiki yokandikakandika, isiyeni, imasunga litsiro m'mikwingwirima yake. Pezani yachitsulo, muziitsuka tsiku lililonse.

Mafuta opaka ana pathewera, aja okhala ndi zinc oxide, amamusanzitsa galu akawanyambita. Brufen amawononga m'mimba ndi impso, Panado nayenso musamupatse mwa inu nokha.

Sabata ikatha osasintha, kapena mukaona mafinya, magazi ndi nkhanambo, pitani naye kwa dokotala. Pamenepo pamafunika maantibayotiki oyenera, ndipo galu amene vutoli limangomubwerera amamuchita opaleshoni yochotsa khwinyalo. Dokotalayo ayang'anenso mano, poti dzino lovunda limachulukitsa dovu. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira nyama; kwina konse yambani ndi ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu.

Pali matenda enanso amene amayambira kukamwa. Galu wosakwana chaka ndi theka akamathothoka ubweya mozungulira milomo ndi maso, kawirikawiri ndi mphere zoyamba ndi tinthata totchedwa Demodex. Dokotala amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo mapiritsi a Bravecto kapena NexGard amazithetsa. Chipere chimapanga dazi lozungulira, chimenecho chimapatsira anthu, choncho ana asamamusisite. Tinjerewere tooneka ngati kolifulawa pamilomo ya ana agalu timabwera ndi kavairasi, ndipo nthawi zambiri timatha tokha m'miyezi iwiri kapena itatu, musatidule ndi lezala. Koma galu woyendayenda akatupa chotupa chotuluka magazi pamphuno kapena pakamwa, muoneninso kumaliseche. Pali khansa yomwe agalu amapatsirana pokwerana ndi ponyambitana, ndipo imachizika ndi jakisoni wa vincristine wobayidwa sabata iliyonse.

Tiuzeni msinkhu wa galuyo, ngati anabayidwa katemera wa chiwewe, ndipo mujambule chithunzi masana mutatambasula mlomo wam'munsiwo.