Zomwe zimachitikira RNA isanatuluke mu nyukiliyasi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji RNA ikangokopedwa ku DNA m'maselo athu siipita kukapanga puloteni pompo ngati zimakhalira m'mabakiteriya. Nkhani yake ndi yakuti imatuluka yosakonza, amaitcha pre-mRNA, ili ngati chambo chongovuula kumene ku Malombe, mamba ndi matumbo zikadali pomwepo. Ndiye imayamba yakonzedwa kaye mu nyukiliyasi, kachipinda ka m'selo momwe mumakhala DNA.

Kumutu kwake, mbali ya 5', selo limaikako kachipewa ka guanine (chilembo G cha RNA) kukopa kuja kusanathe nkomwe, kamateteza kuti ma enzyme asaidye komanso ribosome, makina opanga puloteni, imagwira pomwepo. Kumchira amadula nkulumikizako ma adenine (chilembo A) mwina 200, mchira umenewu amautcha poly-A.

Koma pomwe ine pamandisangalatsa ndi pa splicing, kudula ndi kulumikiza RNA, apa werengani mofatsa. Jini imakhala ndi zidutswa zofunika, ma exon, ndiye pakati pake pali ma intron, zidutswa zofunika kuchotsa, omwe nthawi zambiri ndi aatali kuposa ma exon enieniwo, spliceosome, makina odula, imazindikira zilembo GU poyambira intron ndi AG pothera, nkudula ndendende, nkulumikiza ma exon. Ikaphonya ndi chilembo chimodzi chokha uthenga wonse wakutsogolo wasokonekera, matenda ena a magazi a beta thalassemia amayamba choncho. Ndiye selo litha kusiya exon ina dala, jini imodzi nkutulutsa mapuloteni osiyanasiyana, zodabwitsa kwabasi. Richard Roberts ndi Phillip Sharp ndi omwe anatulukira ma intron mu 1977, Nobel analandira mu 1993.

Mabakiteriya alibe nyukiliyasi, ndiye ribosome imayamba ntchito RNA ikukopedwabe. Pa mayeso musazisakanize ziwirizi chonde.